Mipando Itatu pa Tebulo la Anti Omega

"Iwe Wendy, nsawawa yaiwisi ikaphulika m'kamwa mwako, umaona chiyani?"

Anandifunsa choncho Anti Omega Loweruka lina masana, atakhala pa kireti kuseri kwa nyumba yomwe tonse timachita lendi ku Bertrams, kuno ku Joni, beseni la nsawawa lili pamiyendo. Ine ndinaseka. Ndinati, "Anti, kodi pakamwa pamakhala maso?" Iwo sanaseke. Anangondiyang'ana mondimvera chisoni, n'kupitiriza kusenda.

Ndinalemba matiriki, mayeso omaliza a sekondale kuno, chaka chatha, ndipo kuchokera pamenepo ndimangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Nthawi ndili nayo yambirimbiri, n'chifukwa chake mbiri ya mayi amenewa ndaitola pang'onopang'ono, ina kwa eni ake, ina kwa mwana wawo Tasila. Anzanga amalemba pa foni za oimba ndi akatswiri a mpira. Ine ndikufuna mumve za Anti Omega, ndipo chonde muwerenge mpaka kumapeto, musangoyang'ana pamwamba n'kudutsa.

Anabadwira ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu umadula pakati pa Malawi ndi Mozambiki ngati mpeni pa chigumu. Kumeneko nkhungu imagona m'madimba mpaka dzuwa litakwera, ndipo bambo awo anali ndi dimba la kabichi, kachewere ndi nsawawa kumunsi kwa phiri. Ali kamtsikana ankathamangira mabasi ndi mbale pamutu. Koma chimene anthu ankawadziwa nacho si liwiro ayi. Akaluma nsawawa imodzi, ankatchula kumene yachokera: iyi ndi ya kumtsinje, iyi ndi ya kuphiri yamwa madzi ochepa, iyi inathyoledwa dzana, musanamize anthu. Amayi awo ankawatsina khutu. "Lilime lakoli lidzakupalira moto, mwana iwe. Gulitsa, usamalawe katundu!"

Anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki wa ku Chipata, yemwe ankaima pa Lizulu kugula kachewere kawirikawiri kuposa mmene munthu mmodzi angadyere kachewere. Mwana wawo ali ndi zaka zinayi, thirakiyo inagubuduka cha ku Tete, ndipo bamboyo sanabwerenso. Anti Omega anapirira zaka zitatu, kenako anatenga mwana ndi chikwama chimodzi, n'kukwera basi ya ku Joni. Anafika mu Juni, chisanu chikuluma ngati galu wopanda mwini. Anachapa, anakolopa, analera ana a eni, mpaka anapeza ntchito yophika kwa mzungu wina wachikulire ku Parkview, yemwe mpaka lero amangomutchula kuti madamu.

Madamuyo ankakonda kuitana anzake kudzadya madzulo, kamodzi pa mwezi, ndipo chakudya chilichonse chinkabwera ndi vinyo wakewake. Alendo akapita, m'mabotolo munkatsala vinyo wokwana chala chimodzi. Madamu ankati, "Taya, kapena uthire mu mphika wa nyama." Anti Omega si munthu wa mowa. Koma sakanathira mu mphika wawo chinthu chosachidziwa. Ankatenga kasupuni ka tiyi, n'kudonthezapo, n'kulawa. Koyamba analavula. Chowawasa chotere anthu amachivalira suti?

Zinasintha tsiku lina mu Okutobala. Anali akutafuna nsawawa yomwe inatsala m'mbale, pamene anaika m'kamwa kasupuni ka vinyo woyera wozizira. Amati khitchini yonse inangosowa. Anaima m'dimba la bambo awo m'mamawa, nkhungu ikunyamuka pang'onopang'ono m'mizere, miyendo yanyowa ndi mame, tambala akulira kutsidya kwa Mozambiki. Nsawawa ija inatsekemera kuposa mmene inalili, vinyo uja anasiya ndewu. Anaima choncho, madzi akusefukira mu sinki, mpaka galu wa madamu anawanyambita phazi.

Kuyambira tsiku limenelo kasupuni kaja sikanachoke m'thumba la epuloni. Mayina a pa mabotolo ankawavuta lilime, choncho anawapatsa awoawo. Woyera wowawasa uja anamutcha Mame. Woyera wina wonenepa, wonunkhira ngati dengu la zipatso zakutchire, anamutcha Masuku. Wapinki anali Namwali. Panali wofiira wopepuka yemwe fungo lake linali la dothi mvula yoyamba ikangogwa, ameneyo anali Chizimalupsa. Ndiye panali wofiira wakuda bii, wolemera, yemwe ankamutcha Jasi la M'migodi, ndipo ankati ameneyo ndi wa mu Juni basi, pamene nyama ya mchira wa ng'ombe ikubwata tsiku lonse. Posakhalitsa madamu anayamba kusuzumira kukhitchini n'kumafunsa, "Omega, nsomba iyi timwera chiyani?" Alendo ankayamikira madamu, ndipo Anti Omega ankamvera kuseri kwa chitseko, akumwetulira okha ngati munthu wobisa chinanazi.

Nyengo yawo ya pamtima ndi ino ya mphukira, chisanu chikamatha. Amati kwathu Seputembala ndi Okutobala ndi ng'anjo yeniyeni, fumbi lokhalokha, koma kuno ku Joni mzinda umadzuka ngati wodwala amene wapempha phala. Mitengo ya jakaranda imathira maluwa mumsewu mpaka tekisi imaoneka ngati ikuyandama pa utsi wofiirira. Mabulosi amagwa okha n'kudetsa mipanda. Kumsika kumabwera tinthu tanthete: tikachewere tating'ono ngati mazira a nkhunda, nsawawa zosakhwima, nyama ya mwana wa nkhosa. Ndiye pali katsitsumzukwa. Tsiku loyamba madamu atabweretsa mtolo wa timphukira take kuti aphike, Anti Omega anaseka mpaka kukhala pansi, poti kwathu chitsamba chimenechi amachidziwa ndi asing'anga, si ndiwo. Lero amachiphika mwaulemu, mphindi zitatu zokha m'madzi owira.

"Ndiwo za nyengo ino ndi makanda," amatero. "Khanda sulifunditsa jasi la m'migodi. Ulipatse mnzake wopepuka, wosalankhula mokuwa."

Zaka khumi ndi zinayi anachita zimenezi pa tebulo la eni. Kwawo ku Bertrams, m'zipinda ziwiri zomwe amakhala ndi Tasila, simunatsegulidwepo botolo ngakhale limodzi, mpaka chaka chino.

Tasila ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, amagwira ntchito pa kauntala m'sitolo ya mankhwala ku Doornfontein. Kumeneko anakumana ndi Wandile, mnyamata wa Chizulu wa ku Tembisa, wokonza magetsi, wofatsa ngati madzi a m'mtsuko. Anagwirizana za ukwati. Kwa Azulu, ukwati umayamba amalume a mwamuna akapita kwa mkazi kukakamba za lobola, ndipo amalume a Wandile sakanasuntha phazi popanda mawu a mlongo wawo, Mayi Nomathemba, amake mnyamatayo. Mayi amenewa anagwira unamwino zaka makumi atatu, ndipo akakana chinthu chakanika. Vuto linali lakuti tsiku lililonse ankaona timapepala tomatidwa m'mapolo a magetsi, tolengeza asing'anga oti ndi a ku Malawi, obweza mwamuna wothawa ndi zina zotero. Ataona mwana wawo akuonda ndi chikondi, osadya, kumangoyang'ana foni, anati palibe china, amudyetsa korobela. Kwathu timati kondaine.

Anatumiza mawu: amalume sapita kulikonse mpaka iwo eni atafika m'nyumbamo, aone ndi maso awo, adye chakudya cha mmenemo. Si mwambo wa kwawo, si mwambo wa kwathu, koma ndani akanawauza? Tasila analira pa masitepe mpaka maso kutupa. Akapanda kukhutira mayiwo, ukwati wathera pomwepo, chifukwa Wandile si mwana wotsutsa amake.

Anti Omega sanalire. Anati Chizulu chawo ndi cha mu tekisi, chongokwana kunena potsikira, ndipo Chingerezi chawo ndi cha kukhitchini. Chilankhulo chimene amachidziwa bwino ndi chimodzi basi, ndiye alankhula chomwecho.

Anakonzekera milungu itatu. Madamu atamva nkhaniyo anawatsegulira kabati n'kunena kuti asankhe mabotolo atatu alionse, ndipo anawabwereka matambula a mwendo umodzi aja, omwe anabwera nawo mu tekisi atawakulunga m'chitenje ngati mwana wobadwa dzulo. Tebulo anabwereka kwa telala wa chipinda chakutsogolo. Choyamba chinali chosavuta: katsitsumzukwa ndi nsawawa, batala pang'ono, ndimu, ndipo pambali pake Mame. Chomaliza nachonso anachiona msanga: mabulosi a mumtengo wa kuseri kwa nyumba yathu, pa chambiko chozizira, ndi Namwali. Chapakati ndiye chinawazunguza mutu. Ankafuna nyama ya nkhosa ndi tikachewere, koma ankafunanso kuti pa mbalepo pakhale kwawo. M'zidebe zakale kuseri kwa nyumba munali mutamera bonongwe mvula yoyamba itangogwa, wanthete, wobiriwira biriwiri. Anati amutendera. Koma bonongwe wotendera amamwera vinyo wanji? Palibe madamu amene anafunsapo funso limeneli chilengedwere dziko.

Mlungu wathunthu ankaliganizira mu tekisi, mutu utatsamira pa windo, jakaranda akudutsa ngati maloto, mpaka kawiri konse anapitirira potsikira. Ankatenga kambale ka bonongwe ku ntchito n'kumayesa ndi kasupuni. Jasi la M'migodi anakangana ndi nsinjiro, m'kamwa munawawa ngati wasenda khungwa la mtengo ndi mano. Masuku anagwirizana ndi bonongwe ngati pachibale, koma nkhosa inamuposa mphamvu. Lachisanu anayesa Chizimalupsa atamuviika kanthawi m'ndowa ya madzi ozizira. Anatseka maso. Amati anaona mbuzi zikuthawa madontho oyamba, ana akuvina pabwalo opanda malaya, fumbi likufuka utsi. Anati, "Ndi ameneyu."

Lamulungu lake, dzuwa litapendeka cha m'ma faifi, galimoto ya Wandile inaima pa geti. Chipinda chinali chitasanduka china. Bedi analiimika kuseri kwa katani, pa tebulo anayala nsalu yoyera yosita, ndipo kuwala kolowera pa windo kunkagwera m'matambula n'kumavina pa khoma. Mayi Nomathemba analowa, wamtali, duku lakuda, chikwama atachikumbatira pa chifuwa. Kumbuyo kwawo kunali Wandile, thukuta lili kamukamu m'khosi mwa shati yatsopano.

Anti Omega anagwada pambali pa chitseko, anawomba m'manja, nkhope ataitembenuzira kukhoma. "Sanibonani, Mama. Takulandirani." Koma Wandile, Antiwo sanamuyang'ane n'komwe. Kwathu mkamwini ndi wochititsa manyazi. Apongozi sayang'anizana naye, sadya iye akuona, ngakhale madzi samwa pamaso pake. Lobola anali asanakambe, inde, koma mumtima mwa Anti Omega mnyamatayo anali mkamwini kale.

Pa tebulo panali mipando itatu: wa mlendo, wa Wandile, wa Tasila. Wachinayi sanauganizireko mpang'ono pomwe. Ntchito inawaphunzitsa kuti wophika amaima, mwambo unawaphunzitsa kuti mpongozi amabisala, ndipo ziwirizi zinagwirizana bwinobwino mwakuti sanaone cholakwika.

Anabweretsa mbale zoyamba, zobiriwira, zonyezimira ndi batala. Anatulutsa Mame m'ndowa, anamupukuta, anamutsegula mwakachetechete. Kenako anachita monga amachitira ku Parkview polemekeza mlendo wamkulu: anathira kadontho kokha pansi pa tambula ya Mayi Nomathemba, n'kubwerera phazi limodzi, botolo lili m'manja, kudikira kuti mlendo alawe n'kuvomereza.



Mayi Nomathemba anayang'ana kadontho kaja. Anayang'ana matambula a anawo, opanda kanthu. Anawerenga mipando ndi maso. Kenako analoza mbale ndi chala chimodzi, osaikhudza.

"Yini le? Timitengo iti n'chiyani?" Ankalankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo pomwe pavuta Tasila ankamasulira.

"Ndi ndiwo, Mama," anatero Tasila. "Azungu amazikonda kwambiri."

"Kwanu mumazitcha chiyani?"

Tasila anayang'ana amayi ake. Anti Omega, munthu wosadziwa bodza, anayankha okha. "Katsitsumzukwa. Kwathu ndi mankhwala, koma kuno..."

"Mankhwala," anabwereza Mayi Nomathemba pang'onopang'ono. "Muthi. Hawu, Wandile, wamva? Ndipo ndimwe ndine ndekha, kadontho koyeza ngati ka m'chipatala. Ine ndapereka mankhwala zaka makumi atatu, ntombi, mtsikana iwe, ndimadziwa mmene dozi imaonekera. Nanga mwini nyumba mpando wake uli kuti? Waphika, koma sadya?"

"Ma, chonde..." anayamba Wandile.

"Thula wena, khala chete. Iwe unadya kale, taona mmene wathera."

Dzanja la Mayi Nomathemba linagwira lamba wa chikwama. Anti Omega analiona dzanjalo. Mawu onse sanawamve, koma dzanja lija linamveka. Pomwepo anakumbukira chinthu chimene zaka za ku Parkview zinawaiwalitsa. Ku Lizulu mayi akafulula mowa, sapatsa mlendo chipanda asanamwe yekha. Amagwada pamaso pa anthu, amamwa, amapukuta pakamwa, ndiye chipanda chimayenda. Amati kuchotsa ufiti. Azulu nawonso amachita chimodzimodzi ndi mphika wawo wa mowa. Ulemu umene anauphunzira kwa madamu, woti mlendo ayambe ndiye, kuno unali chipongwe, mwinanso choopsa kuposa chipongwe.

Njira inali imodzi: amwe iwo poyamba, adye iwo poyamba. Koma mkamwini anali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamene anaima. Anayesa kukweza dzanja kuti atenge tambula. Dzanja linakana. Akanatha kuyenda wapansi kuchoka ku Joni mpaka ku Lizulu, koma kumeza kanthu mnyamata uja akuona sakanatha.

Mayi Nomathemba anakankhira mpando kumbuyo.

"Tasila," anatero Anti Omega m'Chichewa, maso ali kukhoma. "Auze bambo awa akaone galimoto yawo."

"Amayi, galimoto ili bwinobwino, ili pa geti pompa."

"Ndati akaone galimoto. Anyamata a muno amachotsa magalasi munthu akuphethira. Upite nawo, ukawathandize kuiona. Muione mbali zonse, osafulumira."

Tasila anamvetsa. Anakoka Wandile pa mkono, ndipo mnyamatayo anatuluka akuyang'ana m'mbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Chitseko chitatsekeka, Anti Omega anaika botolo pansi, anagwada pafupi ndi mpando wa mlendo, n'kutenga tambula yomweyo ya kadontho. Anamwa, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anadzazanso mpaka pakati, anamwanso, kumwa kwenikweni, koyamba m'moyo wawo popanda kasupuni. Kenako anatola ndi zala kamphukira kamodzi ndi nsawawa zitatu m'mbale ya mlendoyo, n'kutafuna akuwayang'ana m'maso.

"Ngiyaxolisa, Mama. Pepani. Ndinaiwala za kwathu. Ndimafuna kudya nanu, koma uja... umkhwenyana, mkamwini." Analoza kuchitseko, n'kuphimba nkhope ndi dzanja.

Mayi Nomathemba anacheukira kuchitseko kuja. Kunja kunkamveka wailesi ya telala ndi ana akumenya mpira mumsewu.

"Ukumuchitira manyazi Wandile?" anafunsa potsiriza. "Wandile wanga uja, amene mpaka lero amasiya masokosi pa sofa?" Anapukusa mutu. "Amayi anga ankathawira kuseri kwa khola akaona mwamuna wa mkulu wanga akubwera. Ndimayesa zimenezi zinafa ndi iwo." Anachotsa chikwama pa chifuwa n'kuchiika pansi. "Sukuma, dzuka. Mawondo amenewo si a mtsikana. Khala apa."

Anti Omega anakhala pa mpando wa Tasila, m'mphepete mwenimweni, ngati ukuwotcha. Anathira vinyo m'matambula awiri. Mlendo analawa, nkhope inakwinyika. "Eish, ndimu yeniyeni! Ife ku stokofela, gulu lathu losonkherana ndalama, timamwa wotsekemera wa m'katoni."

"Ayi, Mama, osayamba choncho. Yambani nsawawa. Tafunani. Musameze msanga. Tsopano imwani pang'ono."

Mayiwo anachita monga anauzidwa, mokayika, ngati wodwala wosakhulupirira dokotala. Anatafuna, anamwa. Nsagwada zinaima. Anayang'ana tambula, anayang'ana mbale, anabwerezanso okha osauzidwa.

"Wasintha," anatero motsitsa mawu. "Wathiramo chiyani?"

"Palibe. Angokumana ndi mnzake."

Mbale za ana anazipereka pa windo, ndipo awiriwo anadyera pakhonde pansi pa mtengo wa mabulosi, mbale pamiyendo, Fanta pambali. M'nyumba munatsala amayi awiri ndi kuwala kwa dzuwa lolowa, komwe kunasanduka kwa golide, kenako kofiirira ngati maluwa a mumsewu. Itabwera nkhosa ndi bonongwe, Anti Omega anayamba ndi iwo kulawa, m'mbale ndi m'tambula momwe, ndipo Chizimalupsa anatsanulidwa ali wozizirira. Mayi Nomathemba ananunkhiza bonongwe uja n'kuika foloko pansi.

"Imbuya! Iyi ndi imbuya. Mwathiramo mtedza?" Anatapa ndi zala. Anamwa. Anatseka maso, ndipo atayamba kulankhula sankalankhulanso ndi munthu wa m'chipindamo. Ananena za mudzi wina wa kumapiri a KwaZulu, kumene ankathyola ndiwo zimenezi m'khola lakale la ng'ombe mvula ikangogwa, iye ndi mkulu wake, atavala masaka kumutu. Ananena za fungo la ndowe zonyowa ndi utsi, za mkulu wakeyo yemwe anamwalira chaka cha mliri, iye ali pa ntchito m'chipatala china osatha kukamuona. Anti Omega ankamva mawu amodzi mwa atatu alionse, koma ankavomera ndi mutu pamalo oyenera, poti nawonso anali ataima m'dimba lawo. Akamayankha ankayankha m'Chichewa, za nkhungu ya ku Lizulu ndi thiraki ya ku Chipata, ndipo mlendoyo nayenso ankavomera. Tasila akuti anasuzumira pa windo kuti akamasulire, koma anaona kuti palibe akumufuna.

Pofika pa mabulosi ndi chambiko, milomo ya onse awiri inali yofiirira, ndipo ankasekana ngati atsikana a pa chitsime.

"Wapinkiyu dzina lake ndani?"

"Namwali. Intombi."

"Wamanyazi ngati mwana wako. Iyeyo zimenezi amazidziwa?"

"Tasila? Amangodziwa Fanta ndi tchipisi. Ndikamuuza kuti nunkhiza, amati Amayi mwayamba."

"Ndiye zidzathera mwa iwe?"

Anti Omega anaseka, koma akuti funsolo linawabaya penapake.

Kusanade kwenikweni, Mayi Nomathemba anaimirira, anakonza duku, anatola chikwama. Pakhomo anaitana mwana wawo. Anti Omega anathawira kuseri kwa katani, ndipo mayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Wandile, galimoto waiona mokwanira? Mawa uwaimbire amalume ako. Loweruka lachiwiri la Disembala abwera kuno, ndipo uwauze avale majekete, muno si mosewera." Kenako anatembenukira ku katani kuja. "Usale kahle, mlingani."

Tasila ndi amene anawauza amayi ake tanthauzo la mawu omalizawo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kwathu timati asewere.

M'mawa mwake Anti Omega anakulunganso matambula m'chitenje, anakwera tekisi ya sikisi koloko, n'kukaima kukhitchini ya ku Parkview monga mwa masiku onse. Mukakumana nawo mumsewu wa ku Bertrams simungawazindikire: mayi wamfupi, nsapato zakuda zoswekera kuchidendene, jumbo m'manja, maso ali m'mwamba m'mitengo ngati akuwerenga kanthu.

Mnzanga Zakia wakhala akundikakamiza kuti kumapeto kwa Novembala tipite ku Cape Town, akuti azakhali ake ali ndi saluni ndipo akufuna atsikana oluka tsitsi. Ndinali nditavomera, chikwama ndinalongedza kale kawiri. Koma chimvereni kuti Anti Omega anafunsidwa ngati zonsezi zidzathera mwa iwo, ndipo anasowa yankho, mtima wanga sukukhazikika. Dzulo ndamuuza Zakia kuti apite yekha. Wandinena kuti ndapenga, mwina n'zoona. Loweruka likubwerali ndikagogoda pa chitseko cha Anti, osati pa foni ayi, maso ndi maso, ndipo ndikawapempha kuti andiphunzitse kuyambira pachiyambi penipeni. Akakandikana, ndidzapitanso Loweruka linalo.